Khoma Liume Kaye

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha, ndipo nawonso sankaligwiritsa ntchito. Pamsewu, kusitolo ya penti, ngakhale kwa adzukulu, anali a Bulashi basi. Anali bambo wowonda ngati mpini wa tsache, phewa lamanja lotsikirapo chifukwa cha makwerero amene ananyamula kuyambira ali mnyamata. M'zikhadabo mwawo penti sankatha ngakhale asambe ndi palafini, moti ukawapatsa moni wapadzanja unkadziwa mtundu wa nyumba imene akugwirako sabata imeneyo.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo, munthu wolusa ngati mavu, amene ankati kupaka penti n'kwa aliyense, mmisiri weniweni ndi wopala. Chaka choyamba chonse bulashi ankangoitsuka. Ntchito yawo inali kupala penti wakale, kumata ming'alu ndi kukwecha makoma ndi sandipepa mpaka zala kuchita dzanzi. Akati amaliza, amalumewo ankabwera n'kuika tsaya pakhoma ngati akumvetsera miseche ya m'chipinda chinacho, kenako n'kupukusa mutu. Khoma likazizira patsaya ndiye kuti m'kati mukadali madzi, ndipo penti wopaka pamenepo sachedwa kuchita matuza n'kusupuka. Maphunziro amenewo anawalowa a Bulashi mpaka m'mafupa, ndipo amalume atamwalira, chizolowezi cha tsaya chija chinatsala ndi iwo.

Mbiri yawo pantchito inali yabwino, sindikuwakometsera ayi. Nyumba imene apenta iwo inkatha zaka ikuoneka ngati yadzulodzulo. Koma ankayesa anthu mtima. Mwini nyumba angalire bwanji kuti anthu a lendi akulowa mawa, kapena kuti ukwati wa mwana wayandikira, a Bulashi ankaika tsaya pakhoma n'kunena modekha kuti, "Liume kaye." Akakakamizidwa sankakangana. Ankapinda makwerero, n'kuuza munthuyo kuti amisiri othamanga alipo ambiri mumsewu, asankhepo mmodzi. Ambiri mwa amene anasankhawo ankabwerera chaka chotsatira, nkhope zili pansi, makoma awo akufundula ngati njoka.

Za mitundu ankadziwa zambiri, osati zosakaniza zokha. Ankadziwa kuti munthu sasankha mtundu mwachisawawa. Mayi wamasiye wina anawavutitsa sabata yathunthu akufuna buluu wofanana ndi malaya amene malemu amuna ake ankakonda, ndipo a Bulashi anasakaniza mosatopa mpaka mayiyo atagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anakana zobiriwira m'nyumba mwake monse, ati zikumukumbutsa chipatala. Nkhani zoterezi a Bulashi ankazimvetsera mwaulemu, chipewa chili m'manja, ndipo madzulo ankakazifotokozera akazi awo patebulo, akuseka mmene anthu alili.

Koma paja woumba mbiya amadyera m'phale. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mgolo wachitsulo wokhala ndi chivundikiro, ndipo m'menemo ndi momwe munkathera zotsalira zonse za kuntchito: kabuluu ka kusukulu ya mkaka, kofiira ka pakhonde la sitolo, kobiriwira ka mu ofesi ya munthu wina, kapinki ka dona wina amene anasintha maganizo khoma lili pakati. Eni ake ankati tengani, ndipo a Bulashi kutaya penti ankakuona ngati tchimo. Ankathiramo n'kuvundula ndi ndodo. Aliyense amene anasakanizapo mitundu yambiri pamodzi akudziwa chimene chimatuluka. Ndi mtundu wopanda dzina, wokhala pakati pa phulusa ndi matope a m'ngalande, ndipo ungathiremo chokongola bwanji, suusintha. Ana awo anautcha mtundu wamgolo.

Mtundu wamgolo unali paliponse. Pabalaza, kukhitchini, m'zipinda zogona, kubafa, pa kabati ya mbale, ngakhale pa kampando kokhalira pochapa. Mgolo ukadzaza, nyumba yonse inkalandira chovala chatsopano chofanana ndi chakale. Munthu yemweyo amene kuntchito ankatha kubweza chitini kusitolo chifukwa choti kuyera kwake kwapendekera pang'ono ku mkaka, kwawo ankangoti, "Penti ndi penti, bola khoma latetezeka."

Akazi awo anali telala wapakhomo. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pamakina opalasa ndi mapazi, pafupi ndi zenera la pabalaza, ndipo nsalu zake zinali zotuwa ndi zakuda chaka ndi chaka. Anali mayi wa mawu ochepa, koma ochepawo unkawamva kuwawa utafika kale kwanu. Atangolowa m'nyumbayo, mwana woyamba ali kumsana, anapempha chinthu chimodzi.

"Bambo, chipinda chathu chogona chokha mudzachipake chikasu."

A Bulashi anaseka. Anafotokoza, monga mmisiri, kuti chikasu n'chovuta kuposa mitundu yonse. Sichibisa zapansi pake, chimafuna kupaka kawiri katatu, ndipo kadontho ka ntchentche kamaonekera uli pakhomo. Komabe analonjeza kuti tsiku lina wina adzapentetsa chikasu, padzatsala chokwanira, ndipo chipindacho chidzakhala choyamba.

Chikasu chinkatsaladi nthawi zina, koma chapansi pa chitini, chosakwanira ndi khoma limodzi lomwe. A Bulashi ankachiyesa ndi diso n'kuchikhuthulira mumgolo. Mayiwo akakhala kuti akuyanika zovala ankaima n'kumaonerera. Chikasucho chinkayandama pamwamba kanthawi, chikuzungulira potsatira ndodo, kenako matope aja n'kuchimeza.

"Chapita chinanso," ankatero.

"Chinali chochepa, mayi. Chikubwera chambiri."

Chaka china mayiwo anayesa njira yawo. Anasoka katani yachikasu n'kuipachika pazenera la kuchipinda, koma pafupi ndi khoma lamgolo kataniyo inkaoneka ngati yodwala, ndipo pasanapite nthawi anaitsitsa n'kudula malaya a ana. Zaka zikamapita pempholo linasanduka nthabwala yapabanja. Mwana akapempha nsapato zatsopano kapena njinga, abale ake ankamuyankha kuti adzalandira tsiku la chikasu. Mayiwo ankaseka nawo. Kenako anasiya kutchula, ndipo mtima wa a Bulashi unakhala m'malo, poganiza kuti zinali zilakolako za utsikana ndipo zatha zokha. Mwamuna akaona kuti mkazi wasiya kupempha chinthu amayesa kuti wasiya kuchifuna, ndipo amuna ochenjera kuposa a Bulashi anagwapo m'dzenje limeneli.

Ana anakula n'kubalalika. Pafupi panatsala mwana wamkazi womaliza, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime ngakhale anali kale ndi ana ake. Iyeyu ndi amene anayamba kuona kuti amayi ake akutenga nthawi yaitali kulowetsa ulusi pasingano, ndiponso kuti akumatembenuza mutu wonse kuti aone munthu wolowera kumanzere. Matenda a shuga anali nawo kalekale, koma palibe amene ankaganiza kuti angakwere mpaka kumaso. Mzime atapita nawo kuchipatala, adokotala sanazungulire. Diso lamanzere linali litapita kale. Lamanja linkaonabe, koma timitsempha take tinali titafooka, ndipo palibe amene akanalonjeza kuti lipirira nthawi yaitali bwanji. Chikhoza kukhala chaka, ukhoza kukhala mwezi. Anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti ngati pali zimene amafuna kuona, asazisungire mtsogolo.

Masana a tsiku lotsatira, a Bulashi anapeza akazi awo atakhala pabedi, akuyang'ana khoma. Makina osokera anali atawavundikira ndi nsalu.

"Adokotala akuti ndione zimene ndimafuna kuona," anatero mayiwo. "Mzime akuti tikaone abale, tikaone chakutichakuti. Abale nkhope zawo ndikuzidziwa. Ine ndikufuna chikasu changa."

"Mukuchikumbukirabe?"

"Munandifunsapo chifukwa chake?"

A Bulashi anali asanafunsepo.

"Amayi anga anamwalira ndisanayambe sukulu, izo mukudziwa. Chithunzi chawo palibe. Nkhope yawo ndinayesetsa kuisunga, koma inandipulumuka ndili wamng'ono. Tinkakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi. Akamandiluka tsitsi ankandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo, iwo kumbuyo, ine ndikuyang'ana khoma. Ndiye chimene ndinatsala nacho ndi zala zawo m'mutu mwanga ndi khoma limenelo. Linali lachikasu. Ndikachiona pena pake, ngakhale pa chitseko cha eni ake, ndimamva ngati wina wakhala kumbuyo kwanga."

Kenako anawonjeza kuti, "Ndinkafuna ndizidzukira m'menemo. Si zambiri."

Manyazi amene anawagwira a Bulashi tsiku limenelo sanawamvepo chibadwire. Anaganiza za chikasu chonse chimene anachimiza mumgolo akazi awo akuona, ndipo mtima unawapweteka. Analumbira chamumtima kuti chipinda chimenechi chidzakhala ntchito yabwino kuposa zonse zimene anagwirapo. Apa ndi pamene panalakwika. Akanakhala kalipentala kapena dalaivala, akanathamangira kusitolo, n'kugula chitini, n'kupaka mokhotakhota tsiku lomwelo, ndipo pofika madzulo mayiwo akanakhala akuyang'ana chikasu chawo. Koma iwo anali mmisiri wa penti, ndipo chikondi chawo sichinkadziwa njira ina yotulukira koma ya umisiri.

Kwa nthawi yoyamba anayang'ana khoma la chipinda chawo ndi diso la kuntchito, ndipo zimene anaona zinawaumitsa thupi. Penti wamgolo anali ataunjikana mpaka kuchindikala ngati khungwa. Pakona pamene denga linkadontha panali chibanga chakuda, ndipo m'munsi monse khoma linkazizira patsaya, poti inali nyengo yamvula. Chikasu chopaka pamenepo chikanatuluka chobiriwirira, ndipo chisanathe chaka chikanayamba kusupuka. Zimenezo kwa mkazi amene wadikira moyo wake wonse? Mtima wawo unakana.

Anatulutsa bedi n'kuliika pabalaza, pambali pa makina. Anakwera padenga n'kutseka podonthapo. Anakana ntchito zonse za kunja n'kuyamba kupala. Pansi pa penti wina pankatuluka wina, zaka za ukwati wawo zikugwa pansi zidutswazidutswa, zonse zamtundu umodzi. Atafika pa pulasitala anapeza kuti m'munsimo wawola, akungoyoyoka ukamukhudza. Anamugumula n'kuika watsopano. Ndipo pulasitala watsopano, monga aliyense wa ntchitoyi akudziwa, sapakidwa penti asanaume mpaka m'kati. Kunja mvula inali isanaganize n'komwe zosiya.

Kusitolo anawalandira ndi nthabwala. Wogulitsa, mnzawo wa zaka zambiri, anaitana anzake kuti adzaone a Bulashi akugula penti wa kunyumba kwawo, n'kuwafunsa ngati mgolo wabooka. A Bulashi sanaseke. Anayang'ana mitundu ya chikasu imene inalipo, ndipo inali yambiri, n'kusankha chowala chopepuka, chonga khungu la mandimu akupsa. Anaganiza bwino ndithu. Chikasu chopepuka chimabweza kuwala, chipinda chimaoneka chachikulu, ndipo diso lofooka limafuna kuwala. Zitini zimene anagula anazibisa kuseri kwa mgolo osazitsegula. Ankafuna kuti mayiwo adzaone zonse kamodzi, chipinda chathunthu, osati kulawa pang'onopang'ono.

Mzime atabwera kumapeto a sabata n'kupeza amayi ake akugona pabalaza, chipinda chili fumbi lokhalokha, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo, chikasu chili kuti?"

"Chilipo. Khoma liume kaye."

"Liuma liti?"

"Mvula ikadula. Zimenezo si zofunsa ine."

"Ingopakani choncho. Likadzasupuka mudzapentanso, si inu eni ake a ntchitoyi?"

"Iwe, ukudziwa mmene chimaonekera chikasu pa pulasitala wamuwisi? Mawanga okhaokha. Mayi ako adikira zaka zonsezi kuti ndiwaonetse mawanga?"

"Ndiye pakani chitseko. Pakani thabwa muwaimikire patsogolo."

"Sanapemphe thabwa, anapempha chipinda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

"Nkhonoyo ili ndi nthawi, bambo. Amayi alibe."

Mayiwo anamva zonse ali pabalaza. "Asiye bambo ako," anatero. "Sunawadziwe lero. Khomalo akapanda kulipsompsona kaye sagona tulo."

Mzime anatola chikwama chake n'kumapita, misozi ili m'maso. A Bulashi anatsala akudziuza kuti ana a masiku ano chilichonse amafuna cha pompopompo. Mantha anali nawo, tisawanamizire. M'mawa uliwonse ankayang'anitsitsa mmene akazi awo akufikira kapu patebulo, ngati dzanja likupita molunjika kapena likufufuza. Koma mantha omwewo ankawabwezera kukhoma, kukaika tsaya, kukatsegula mazenera, kukaika mbaula pakati pa chipinda kuti chinyezi chithawe msanga. Adokotala anati chaka kapena mwezi, ndipo iwo anasankha kumva chaka.

Mayiwo anazolowera kubwera pakhomo la chipindacho masana, atagwira felemu, mutu atapendeketsa kuti diso lamoyo lija liyang'ane kutsogolo.

"Lauma?"

"Latsala pang'ono."

"Chabwino, bambo."

Sankawonjezapo liwu, ndipo pambuyo pake a Bulashi ankalakalaka mayiwo akanawakalipira.

Mvula inadula, dzuwa linabwera, ndipo tsiku lina tsaya linavomera. Anapaka andakoti, penti woyera uja amene amayamba pansi kuti mtundu weniweni udzakhale bwino pamwamba. Chipinda chimene chinakhala mumdima wamgolo zaka zonsezo chinangoti mbee. Mayiwo ataima pakhomo anaphethira kangapo n'kumwetulira.

"Kani chipindachi n'chachikulu chonchi?"

"Mawa ndiyamba chikasu," anatero a Bulashi.

M'mawa mwake analawirira. Anatenga chitini chimodzi cha chikasu kuseri kuja n'kuchiika pakati pa chipinda, sikuludiraiva ili m'manja kuti atsegule. Ndiye dzuwa linalowa pazenera n'kugunda khoma limene bedi limayang'anako, ndipo anaona chimene munthu wina aliyense sakanaona. M'munsi, pamene panali pulasitala watsopano, kuyerako kunali ndi kamthunzi, kamzere kosonyeza pamene chakale chakumana ndi chatsopano. Chikasu sichibisa kanthu. Kamzereko kakanaonekera mpaka kalekale, pakhoma lenilenilo limene mayiwo azidzayang'ana podzuka. Anaima nthawi yaitali, chitini chili pamapazi. Kenako anachikankhira pakona n'kutsegula choyera. Anadziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha.

Dzuwa litapendeka, iwo akutsuka bulashi panja, anamva akuitanidwa. Mawu ake sanali okuwa.

"Bambo, tabwerani. M'disomu mukutsika utsi."

Anawapeza atakhala pabedi, manja atatambasulira kutsogolo ngati munthu woyesa ngati kukugwa mvula. Ankati akuona tizingwe takuda tikutsika, ngati inki yothira m'madzi. Pofika kuchipatala pa galimoto ya aneba, tizingweto tinali titagwirana n'kukhala chinsalu. Anawagoneka masiku angapo. Madokotala anayesa zimene akanatha, koma magazi anali atatayikira m'kati mwa diso ndipo zakumbuyo kwake zinali zitawonongeka. Anabwerera kunyumba atagwira mkono wa Mzime, akutha kusiyanitsa usana ndi usiku basi, ndipo posakhalitsa nazonso zinatha.

Mzime sanawanene bambo ake. Akanawanena zikanapepuka. Ankabwera, kusambitsa amayi ake, kuphika, kupereka moni waulemu, n'kumapita osayang'ana kuchitseko cha chipinda chija. A Bulashi anatha milungu osagwira bulashi. Anzawo obwera kudzazonda ankati madzi akatayika saoleka, iwo n'kumavomera ndi mutu, koma alendo akangotuluka ankabwerera ku m'mawa uja: dzuwa pazenera, kamzere pakhoma, chitini pamapazi. Sankatha kunamizira mvula, kapena matenda, kapena umphawi. Penti analipo, khoma linali louma, diso linali likuona, ndipo iwo anatsegula chitini chinacho ndi manja awo.

Amene anawadzutsa anali mayiwo. "Ndatopa kugona pabalaza ngati mlendo," anatero tsiku lina. "Malizani chipindacho."

Anamaliza. Anapaka koyamba n'kudikira, kachiwiri n'kudikira, kenako kachitatu. M'mphepete mwa denga anadula mzere ndi dzanja, wowongoka ngati wa rula. Panalibe dontho pansi, panalibe tsitsi la bulashi lotsalira pakhoma, ndipo kamzere kaja kanali katasowa. Pa ntchito zonse zimene anagwira m'nyumba za eni panalibe yofika pamenepa, ndipo panalibe imene anaigwira ndi mtima wolemera chotere.

Litauma, anakatenga akazi awo pabalaza. Mzime analipo tsiku limenelo, ndipo anawatsatira n'kuima pakhomo. Mayiwo anayenda pang'onopang'ono mpaka zala zawo zitagunda khoma. Analisisita ndi chikhatho, m'mwamba ndi m'munsi, monga ankachitira poyesa nsalu.

"Ndi losalala," anatero. "Ngati mbale yagalasi."

"Ndapaka katatu."

"Ndiuzeni. N'chotani?"

"N'chikasu, mayi."

"Ndikudziwa kuti n'chikasu. Koma chilipo chamitundumitundu, inu mukudziwa kuposa ine." Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu a amuna awo. "Cha amayi chinali chakupsa. Chozama, ngati pakati pa dzira la nkhuku yoyenda yokha pabwalo, chotsala pang'ono kufiira. Dzuwa lamadzulo likalowa pazenera, kachipinda konse kankakhala ngati muli moto. Ndi chimenecho?"

A Bulashi anayang'ana khoma lawo lopepuka, lozizira, lamtundu wa mandimu. Kuntchito sankayamba nyumba ya munthu asanapake timabanga tingapo pakhoma kuti mwini wake aloze yekha kamene akufuna. Akazi awo anakhala pabalaza milungu yonse ija, diso likuona, zitini zili kuseri kwa nyumba, ndipo iwo sanawaonetse ngakhale chivundikiro. Mzime ankawayang'ana. A Bulashi anakhosomola pang'ono.

"Ndi chomwecho," anatero.

Mayiwo anaseka, kuseka kwakufupi kopanda mkwiyo. "Bambo, mukafuna kunama mumayamba mwakhosomola. Kuyambira tili pachibwenzi."

"Ndipita pompano. Chakupsacho chilipo kusitolo, ndinachiona. Pamwamba pa ichi chigwira bwino, sichifuna kudikira."

"Ayi."

"Mayi, mawa lomweli ndikhala nditamaliza."

"Ndati ayi. Fungo la penti landikwana, ndipo msana wanga ukufuna chipinda chake. Mupentera ndani?" Anachotsa dzanja pakhoma n'kulipukuta padiresi. "Changacho ndili nacho m'mutu muno. Ichi n'chanu. Mzime, athandize bambo ako kulowetsa bedi."

Analowetsa bedi, bambo kumutu, mwana kumiyendo, osalankhulana. A Bulashi anagwirabe ntchito zaka zina zingapo, mpaka maondo atakana makwerero, ndipo chipindacho sanachikhudzenso, poti mwini wake anali atakana. Pentiyo, monga ntchito zawo zonse, sanasupuke kapena kusuluka. M'mawa uliwonse mayiwo ankadzuka mumdima wawo n'kufufuza masilipasi ndi phazi, ndipo a Bulashi ankatsegula maso n'kupeza khoma la mandimu lili pomwepo, losalala, lopanda banga.